Laibulale ikafuna kugula masewera, iyambe ndi bawo

Ndine mmodzi mwa amene amakhulupirira kuti laibulale ya pasukulu ya ukachenjede iyenera kumabwereketsa masewera a pathebulo monga imachitira ndi mabuku. Ophunzira ambiri mfundo imeneyi amaivomera msanga. Mkangano umabuka likafika funso lakuti tigule masewera ati. Pamenepo aliyense amatchula amene adawaona pa YouTube kapena amene ankasewera kwa msuweni wake wa m'tauni patchuthi, ndipo mndandanda umayamba ndi Monopoly n'kupitirira ndi mabokosi ena okongola ochokera kunja. Bawo satchulidwa n'komwe.

Ine ndikuti mndandanda wotere wayambira kumchira. Masewera a pakhomo pa munthu ndi masewera a laibulale n'zosiyana. A pakhomo ali ndi mwini wake amene amawasamala. A laibulale amadutsa m'manja mwa anthu makumimakumi, amalowa m'zikwama, amagona pansi pa bedi kuhositelo, ena amagwetseredwa tiyi. Choncho funso loyamba posankha lisakhale lakuti masewerawa ndi otchuka bwanji. Likhale ili: kanthu kamodzi kakasowa m'bokosimo, kodi masewerawa apitirira? Mukalitsata bwino funso limeneli, mupeza kuti thabwa la bawo likubwera patsogolo, Monopoly ili kumbuyo kwenikweni.

Ndisanapite patali, ndiyankhe kaye amene akudandaula kuti laibulale zathu zilibe n'komwe mabuku okwanira. Dandaulo lawo n'lomveka. Tonse timalidziwa buku lija limodzi lokha limene kalasi yonse imalimbirana mayeso akayandikira. Laibulale ya Mzuzu University idapsa mu December 2015, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa usiku umodzi, ndipo amene adaphunzira pamenepo zaka zotsatira akudziwa ululu wake. Timanyadiranso William Kamkwamba, amene adapanga makina amphepo opanga magetsi atawerenga buku lobwereka palaibulale yaing'ono kwawo ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Palibe bokosi la masewera limene lingalowe m'malo mwa buku lotere, ndipo sindikupempha kuti ndalama ya mabuku ichepetsedwe. Koma kuchepa kwa ndalamako ndi kumene kukutikakamiza kusankha mwanzeru. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse choitanitsa kunja chimalira ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Laibulale ya kuno ikagula bokosi lolakwika, mwayi wogula lina sudzabwera msanga.

Nanga masewerawo ndi achiyani? Taganizirani madzulo a wophunzira wa chaka choyamba amene wachokera kutali, sadziwa munthu aliyense, ndipo m'thumba mulibe. Malo ambiri ochezera amafuna kuti ugule kanthu. Magetsi akazima, kapena bandulo ikatha, chotsala n'kugona chagada n'kumaganiza za mavuto a kumudzi. Foni ikakhala ndi moto, makampani a kubetcha ali pompo kumuitana kuti ayese mwayi ndi ndalama ya ndiwo. Laibulale ndi amodzi mwa malo ochepa pasukulu pomwe munthu amalandira chinthu popanda kufunsidwa ndalama. Ikamubwereketsa thabwa lomwe salisewera munthu mmodzi, yamupatsa chifukwa chogogodera pachitseko cha mnzake. M'maiko ena adazindikira izi kale. Ku France kuli nyumba zobwereketsa masewera okhaokha, ndipo laibulale yaikulu ya Oodi mumzinda wa Helsinki, yomwe idatsegulidwa mu 2018, ili ndi zipinda za masewera pamodzi ndi mashelefu a mabuku. Ife sitingafanane nawo pa chuma, komabe mfundo yake ndi yomweyo.

Tsono tibwerere ku funso lija la kanthu kosowa. Masewera ena akavulala amachira, ena amatsimphina, ena amafa.

Thabwa la bawo lili ndi maenje 32, m'mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo limaseweredwa ndi nkhomo 64. Nkhomo zonse n'zofanana. Imodzi ikagwera mu udzu, mumatola kamwala n'kuikapo, masewera n'kumapitirira ngati palibe chachitika. Drafuti ndiye kale: dziko lonse limasewera ndi zitsekerero za mabotolo, mbali ina zoyang'ana kumwamba, ina zovundikira. Chess ili ndi tizidutswa 32 tamaonekedwe osiyana, koma kavalo akasowa, mmisiri wa ziboliboli amasema wina tsiku limodzi, ndipo podikira mukhoza kugwirizana kuti chitsekerero ichi ndiye kavalo. Awa ndi masewera ochira. Mankhwala ake ali pamsika wapafupi.

Otsimphina ndi monga Carcassonne, masewera a ku Germany omwe adatuluka mu 2000. Muli timatailosi 72 tomwe osewera amalumikiza n'kupanga mizinda, misewu ndi minda. Kamodzi kakasowa, palibe angakupangireni kena kofanana, koma masewerawo amathabe ndipo ambiri sazindikira n'komwe.

Akufa ndi amene chilichonse m'bokosi chili ndi ntchito yakeyake. Monopoly ili ndi makadi 28 a malo ogulitsidwa, tinyumba 32, timahotela 12, milu iwiri ya makadi a mwayi ndi mpukutu wa ndalama za pepala. Khadi la malo amodzi likasowa, mtundu wonse wa malowo wasokonekera. Choipa kwambiri n'chakuti kusowako sikuoneka poyamba. Buku likathothoka tsamba umaona msanga, ndipo masamba otsalawo amawerengekabe. Bokosi loperewera limanamiza: anthu anayi amakhala pansi, n'kusewera ola lathunthu, kenaka n'kuzindikira kuti sangamalize. Akakumana nazo kawiri sabwerekanso. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso munthu amene ophunzirafe timamuiwala tikamalemba mndandanda wathu: wogwira ntchito pakauntala. Bokosi lililonse likabwezedwa, iye ayenera kuwerenga zam'kati, kumbuyoku kuli mzere wa anthu ofuna mabuku. Chess amangoiyala pathabwa, malo opanda kanthu amaonekera okha. Nkhomo amaziika ziwiriziwiri m'maenje, maenje onse akadzaza ndiye kuti zakwana 64. Tsono mupatseni Catan, masewera otchuka aja omwe Klaus Teuber adatulutsa mu 1995. Makadi a zipangizo okha alipo 95, kuphatikizapo makadi ena, timisewu, tinyumba, timizinda ndi timanambala. Catan ndi masewera abwino ndithu, ndipo adapambana mphoto ya Spiel des Jahres, yomwe imaperekedwa ku Germany chaka chilichonse kuyambira 1979. Koma ntchito yowerenga zonsezi tsiku ndi tsiku idzamutopetsa munthu wapakauntala, adzasiya kuwerenga, ndipo bokosilo lidzafa semesita isanathe. Mphotoyo imayeza kukoma kwa masewera pakhomo la banja la ku Ulaya, siyeza zimene zimachitika kuhositelo ya anyamata.

Funso lachiwiri ndi la chiyankhulo. Scrabble ndimaikonda, ndipo ndikufuna ipezeke. Amene amaganiza kuti ndi masewera a azungu akumbukire kuti Wellington Jighere wa ku Nigeria adakhala katswiri wa dziko lonse mu 2015, mumzinda wa Perth. Imathandiza Chingerezi, chomwe timalembera mayeso. Koma tiyenera kudziwa chomwe tikugula. Bokosi la Scrabble lili ndi zilembo 100 zogawidwa motsata Chingerezi: E alipo 12, pomwe K ndi mmodzi, Z ndi mmodzi, W awiri, M awiri. Yesani kuisewera m'Chichewa muone. Mawu akuti "kukakamiza" amafuna K atatu, "zizindikiro" amafuna Z awiri, ndipo Q ndi X angokhala m'manja mwanu mpaka masewera kutha. Zotsatira zake n'zakuti patebulo la Scrabble amapambana kawirikawiri ndi amene adaphunzira sukulu zolipira zodula, ndipo wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi amakumbutsidwanso zimene amakumbutsidwa kale m'kalasi. Shelefu yonse ikadzaza masewera a makadi olembedwa Chingerezi chambiri, ndiye kuti tamanganso khoma lomwe timafuna kugwetsa.

Ngati tikufuna bokosi limodzi lakunja, ine ndingasankhe lopanda mawu. Dixit, yomwe idatuluka ku France mu 2008, ili ndi makadi 84 a zithunzi zokhazokha. Wosewera amasankha khadi mobisa n'kunena mawu, mwambi kapena kankhani, anzake n'kumayesa kulota kuti akunena chithunzi chiti. Akhoza kunena m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chiyankhulo cha pakampasi chosakaniza chija, ndipo wodziwa miyambi ya agogo ake ndiye amakometsa masewera. Khadi limodzi likasowa palibe chimene chawonongeka. Ndipo za Scrabble ya Chichewa, bwanji ophunzira za ziyankhulo osaitenga ngati ntchito ya kalasi? Awerengetse kuti chilembo chilichonse chimapezeka kangati m'nkhani za Chichewa, kalipentala adule timatabwa, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ku Zomba ukhale woweruza pakabuka mkangano.

Funso lachitatu ndi la nthawi, komanso la amene amatsala akungoonerera. Wophunzira ali ndi ola limodzi pakati pa makalasi, kapena awiri madzulo. Ludo, yomwe idachokera ku masewera akale a ku India otchedwa pachisi, imatenga anthu anayi, malamulo ake amafotokozeka m'mphindi ziwiri, ndipo aliyense amakhala m'masewera mpaka kumapeto. Monopoly imatenga maola, ndipo ndalama zikakuthera umatuluka n'kumaonerera anzako akulemera. Izi sizidachitike mwangozi. Gwero lake ndi The Landlord's Game ya Lizzie Magie wa ku America, yomwe adailembetsa mu 1904 pofuna kuonetsa kuipa kwa anthu ochepa kukhala ndi malo onse. Kampani ya Parker Brothers idayamba kugulitsa Monopoly mu 1935. Phunziro la mayi Magie ndi labwino, koma amene amalipira lendi ya kachipinda kunja kwa kampasi amalidziwa kale, ndipo safunika maola atatu kuti alimvenso. Masewera a njoka ndi makwerero nawo ndingawasiye: mulibe choganiza, dayisi ndiye amalamula zonse. Malo ake ndi laibulale ya ana, komwe amathandiza kuphunzira kuwerenga manambala.

Ndikudziwa chimene ena anene. Adzati bawo ali pansi pa mtengo uliwonse, pamsika uliwonse, nanga laibulale ibwereketsenso chifukwa chiyani? Ndiwafunse: pansi pa mtengopo pamakhala ndani? Amakhala abambo ndi anyamata odziwa kale, ndipo wophunzira kumene sapatsidwa mpata, amangoima kumbuyo. Mtsikana akakhalapo, mudzi wonse umayankhula. Ana okulira m'mipanda ya m'tauni ambiri sanagwirepo nkhomo. Choncho chinthu chooneka ngati chili paliponse, kwa theka la ophunzira kulibe. Thabwa lobwereka kulaibulale likhoza kulowa kuhositelo ya atsikana, komwe munthu angalakwitse kambirimbiri popanda womuseka.

Ena amati bawo ndi wa malova, wa anthu othawa khasu. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa kuti tizichita manyazi kumuika pashelefu pafupi ndi chess. Koma amene adayesapo amadziwa kuti kusuntha kumodzi kumatha kuzungulira thabwa kangapo, kudya nkhomo za mnzako, kubwereranso, ndipo wosewera wabwino amakhala atawerengera zonsezo m'mutu asanagwire dzenje. Bawo wathu ndi pachibale ndi bao wa ku Zanzibar ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere, ndipo akatswiri amamuika m'gulu la masewera ovuta kwambiri a mtundu umenewu. Alex de Voogt wa ku Netherlands adalemba kafukufuku wa digiri ya udokotala mu 1995 pa mmene akatswiri a bao a ku Zanzibar amawerengera m'mutu. Munthu adachoka ku Ulaya kudzapeza digiri pa chinthu chimene ife timati n'chotayitsa nthawi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Apa ndi pomwe laibulale ili ndi ntchito imene wina aliyense sangaigwire. Malamulo a chess adalembedwa, ndipo bungwe la FIDE, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1924, limawasunga. Malamulo a bawo ambirife timawamva pakamwa, ndipo amasiyana pang'ono malo ndi malo. Laibulale yomwe ikubwereketsa thabwa iyenera kuikamo pepala la malamulo m'Chichewa chomveka, lolembedwa mofunsa akuluakulu amene amasewera pafupi ndi sukulupo, ndi kutchula pomwe ena amachita mosiyana. Ichite chimodzimodzi ndi ntchuwa, ndi nsolo wa anzathu a ku Zambia. Kusonkhanitsa nzeru zomwe zili m'mitu mwa anthu n'kuziika pomwe aliyense angazipeze ndiyo ntchito yeniyeni ya laibulale. Kugula bokosi la kunja aliyense wa ndalama akhoza.

Sindikutsutsa chess. Ikhalepo yambiri. Kuno kuli bungwe la Chess Association of Malawi lomwe limakonza mipikisano, choncho wophunzira waluso ali ndi kopita. Amon Simutowe wa ku Zambia adafika paudindo wa grandmaster mu 2009, ndipo Phiona Mutesi adatulukira m'dera losauka la Katwe mumzinda wa Kampala. Komanso thabwa la chess la mabokosi 64 limagwiranso ntchito pa drafuti, ndiye kuti mwagula chimodzi mwapeza ziwiri.

Tsono atandipatsa mwayi wosankha zinthu khumi zoyamba, ndingatenge matabwa atatu a bawo, awiri a chess, awiri a drafuti, Ludo imodzi, Scrabble imodzi, ndi bokosi limodzi la Dixit kapena Carcassonne. Zisanu ndi ziwiri mwa izi akhoza kupanga akalipentala ndi osema ziboliboli a kuno, ndalama n'kutsala mumzinda momwemo. Ndalama ina ndingaisunge ya nkhomo zapadera, madayisi, timatumba tansalu tomangira tizidutswa ndi pulasitiki yokutira mapepala a malamulo. Osagula zonse kamodzi. Lembani chilichonse chobwerekedwa kwa semesita imodzi, ndipo kaundulayo ndiye anene chogula ulendo wachiwiri. Mwina adzaonetsa kuti ophunzira za udokotala akufuna Pandemic, masewera a 2008 omwe osewera onse amakhala mbali imodzi kulimbana ndi miliri inayi. Zikatero, bokosi lotere lizisewereredwa pomwepo, osatuluka nalo.

Za mphatso tichenjere. Mashelefu athu adadzaza kale mabuku akale omwe ena adatitumizira poyeretsa nyumba zawo, ndipo mabokosi a masewera akhoza kubwera mwanjira yomweyo. Bokosi lililonse lopatsidwa liwerengedwe lisanalandiridwe. Loperewera libwezedwe mwaulemu, kapena liphwasulidwe kuti madayisi ndi tizidutswa take tikhale tosinthira ena.

Malamulo obwereketsera akhale osavuta. Chiphaso cha wophunzira chikwane, monga zimakhalira pa buku. Kufuna chikole cha ndalama n'kuthamangitsa munthu yemwe uja timati tikumufuna. Masiku atatu akwana. Mndandanda wa zam'kati umatidwe pachivundikiro, ndipo wobweza awerenge yekha wapakauntala akuona. Chindapusa cha kanthu kosowa chikhale chochepa, chongokwana kugula kena, chifukwa chikakula anthu amabisa ndipo wovutika amakhala wobwereka wotsatira. Phokoso nalo lilipo: nkhomo zimalira pathabwa, ndipo palibe wosewera drafuti amene amadya mwakachetechete. Choncho masewera asalowe m'chipinda chowerengera. Akhale pakhonde, pansi pa mitengo kapena kuhositelo. Odandaula za juga akunena zoona kuti anthu amabetcherana pa drafuti ndi bawo. Lamulo loletsa likhalepo, wopezeka asabwerekenso. Koma juga yoopsa masiku ano ili m'foni, munthu ali yekha usiku, popanda mnzake womugwira mkono.

Ngakhale titasamala chotani, zinthu zidzasowa ndithu. Walira mvula walira matope. S. R. Ranganathan, katswiri wa za malaibulale wa ku India, adaphunzitsa mu 1931 kuti phindu la buku lili m'manja mwa wowerenga, osati m'kabati yokhoma. Mantha anga aakulu si akuti masewera adzatayika. Ndi akuti laibulale idzagula mabokosi asanu odula, akuluakulu adzajambulitsa nawo tsiku lotsegulira, kenaka adzawatsekera m'kabati poopa kuti angawonongeke. Chinthu chodula chimabala mantha, mantha n'kubala loko. Thabwa la bawo losemedwa pamsika palibe angaliopere. Likhoza kupita kuhositelo, kugwa, kunyowa, kubwera ndi miyala itatu m'malo mwa nkhomo, mawa lake n'kutulukanso.

Anzanga a m'mabungwe a ophunzira, mukadzakhala pansi ndi oyang'anira laibulale, musapite ndi zithunzi za pa intaneti. Pitani ndi mtengo wa matabwa atatu wochokera kwa kalipentala, dzina la malo pomwe masewera angasewereredwe popanda kusokoneza owerenga, ndi mayina a ophunzira angapo odzipereka kuphunzitsa anzawo Lachisanu madzulo. Pempho lotere n'lovuta kulikana. Ndipo inu amene mudamaliza kale ndipo mwayamba kulandira kangachepe, ngati mukufuna kusiyira sukulu yanu kanthu, thabwa limodzi la bawo ndi thumba la nkhomo 64 sizingakugwetseni bajeti ya mwezi. Muikemo nkhomo khumi zapadera, chifukwa zina zidzagwera mu udzu.